Mphuno ya Uta wa Atate

Fungo la mphira wa chubu chakale cha njinga limandibwezera ku Loweruka loyamba la mwezi wa Malichi, chaka chotsatira ufulu, cha m'ma sikisi koloko m'mawa. Ndinatuluka m'nyumba ndikutikita m'maso n'kupeza atate atakhala pakhonde, buluku litanyowa ndi mame mpaka m'maondo. Mvula inali itagwa, ndipo pabwalo pankamveka fungo la dothi lonyowa ndi utsi wa nkhuni zaziwisi zimene amayi ankalimbana nazo kukhitchini. Koma fungo lopambana onse linali la mphira. Atate ankadula chubu ndi lumo m'timizere titalitali, tija tinkati malegeni, ndipo pamiyendo pawo panali uta umene chibadwire changa unkangokhala kudenga. Sanandiyang'ane. Anangoti nguluwe yalowanso m'munda, ndipo ndikawatengere khasu lakutha lija linali pansi pa nkhokwe.

Tinkakhala kumudzi kwa amayi, kufupi ndi Chipangali. Atate, a Mbewe, anali mkamwini, ndipo kwawo kunali cha ku Katete. Kwa zaka zambiri anagwira ntchito pa famu ya fodya ya mzungu wina pafupi ndi Fort Jameson, tauni imene lero ndi Chipata, ngakhale ife tinkangoti ku Boma. Fodyayo sankamugwira. Ntchito yawo inali yosamalira maluwa ndi mitengo ya zipatso kunyumba kwa bwana. Ufulu utayandikira, mzunguyo anagulitsa zonse n'kupita kumwera, ndipo atate anabwera kumudzi ndi bulangeti, chipewa chakale cha bwanayo, ndi kamtengo ka lalanje m'chitini cha palafini. Kamtengoko kankakhala kuseri kwa nyumba. Ankakathirira m'mawa uliwonse, dzuwa likakula n'kukasunthira pamthunzi, koma sanakabzale pansi. Ndikawafunsa, ankati nthawi yake sinakwane.

Mwini mbumba yathu anali amalume, a Lazaro Banda, achimwene awo a amayi. Anali munthu wamfupi wa mawu aakulu. Ufulu unawapeza ali wapampando wa chipani m'mudzi mwathu, ndipo sunawasiye monga analili. Anali ndi njinga yakuda yokhala ndi kambendera pa handulo, ndi pampu yonyezimira yopanikizidwa pansi pa chitsulo chapakati. Njingayo sankabwereketsa munthu. Ankaipukuta ndi kansalu kakekake, ndipo popita kutchalitchi akazi awo aNaphiri ankabwera pambuyo wapansi, atasenza mwana ndi buku la nyimbo. Kale, atate akabwera kutchuthi ndi shuga ndi sopo, amalume ankawatcha alamu. Chibwerere chawo ndi chitini cha lalanje, dzinalo linasowa. Anasanduka a Mbewe, ndipo tsiku loipa ankangokhala mkamwini uja.

Munda umene amalume anatigawira unali womalizira, m'mphepete mwa thengo, patsinde pa phiri. Nthaka inali yabwino. Chimanga chinakula chakuda bii, nsawa zinayanga mpaka kutseka mizere. Ndiye kunabwera nguluwe. Inali imodzi yokha, yaikulu, ndipo mapazi ake tinafika powadziwa ngati a mnansi. Inkagwetsa mapesi ndi chifuwa, kuluma chimanga chilichonse kamodzi n'kuchisiya, kenako n'kupita kukafukula nsawa. M'mawa m'mundamo munkanunkha chimanga chachiwisi chotafunidwa ndi fungo lina lowawasa la nyamayo. Mfuti m'mudzi munalibe. Misampha inkailambalala. Atate anakumba mbuna panjira yake n'kuphimba bwino ndi udzu, ndipo mbunayo inagwiradi nyama, koma inali mbuzi ya amalume.

Mbuziyo inatuluka yamoyo, ikutsimphina. Madzulo ake amalume anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi chipanda cha thobwa, nayankhula moyang'ana kumwamba, monga amachitira munthu amene akufuna mudzi wonse umve.

"Mlongo wanga ndi ana ake ndidzawadyetsa, ndi mbumba yanga. Koma mwamuna wolephera nguluwe imodzi, chimanga chikauma aone njira ya ku Katete."

Ndinali ndi zaka ngati khumi, koma izi ndinazimva bwino. Kwathu ana ndi a kuchikazi. Njira ya ku Katete atate akanayenda okha, ndi bulangeti lawo ndi chipewa. Ndinali nditaonapo zikuchitikira bambo wa mnzanga wina, amene anachoka m'mawa wina atanyamula nkhwangwa ndi mphasa, ndipo sanabwerenso. Patapita masiku ochepa ndi pamene atate anatsitsa uta kudenga.

Utawo unali wa atate awo, wakuda ndi utsi ndi thukuta la manja, wa nsinga ya chikopa chopota. Paunyamata wawo atate ankati anali mlenje ndithu, ndipo sindikukayika. Koma tsopano akakoka nsinga, dzanja lamanzere linkanjenjemera, nsonga ya muvi n'kumayendayenda m'malere ngati ikulemba dzina la munthu. Iwo ankati vuto ndi uta, wapepuka chifukwa chouma. Mankhwala ake ankawadziwa. Mzungu uja Lamlungu masana ankaponya mivi pa kapinga, ndipo wotola miviyo anali atate. Uta wa mzunguyo unali ndi kandodo kachitsulo kotulukira kutsogolo, pansi pang'ono pa pogwirira, kolemera kunsonga. Atate anaona kuti kandodoko kakakhalapo uta sugwedezeka pokoka, ndipo sudumpha m'manja muvi ukachoka. Dzina lake lachingerezi anali ataliiwala. Ankangoti cholemetsa. Anthu a m'mudzi atachiona koyamba anati uta wa a Mbewe wamera mphuno, ndipo dzina linakhala lomwelo.

Nyengo yonse ya chimanga chachiwisi chaka chimenecho inathera posankha mphuno. Kuseri kwa mudzi kunali chulu chachikulu, ndipo atate anaimikapo tsinde la nthochi kuti likhale chandamale. Dzuwa likapendeka ankapita kumeneko kukayesa. Tsiku loyamba tinali awiri. Tsiku lachitatu kunali ana onse a m'mudzi, amayi obwera kumadzi ndi mitsuko pamutu, ndi madoda amene mwadzidzidzi anapeza kuti njira ya kudimba imadzera kuchulu. Amalume ankatumiza mwana kuti awatengere mpando wa ndalema, n'kukhala pambali penipeni pa atate, poti awaone kumaso.

Mphuno yoyamba inali khasu lakutha lija, lomangidwa ndi malegeni kunsonga kwa kansungwi kotalika ngati mkono. Linkaoneka bwino. Koma khasu ndi khasu, limafuna dothi. Atate atangoponya, linatembenuka n'kuwamenya pabondo, muvi n'kupita kukagwa m'munda wa mbatata wa eni ake. Amalume anafunsa mwaulemu ngati a Mbewe akufuna kupha nguluweyo kapena kuilimira.

Yachiwiri inali simbi ya makala ya aphunzitsi a Tembo. A Tembo anaphunzira ku Tamanda, anali a mpingo wina osati wathu wa Katolika, koma ankakondana ndi atate chifukwa onse ankadziwa kulumikiza mitengo ya zipatso. Anabwera nayo simbiyo okha, itakulungidwa m'nyuzi. Asanaipereke anajambula pansi ndi kamtengo kufotokoza kuti chofunika si kulemera kokha, koma kuti chinthucho chitalike ndipo kulemerako kukhale kunsonga. Iwo eni anati simbiyo mwina ichuluka, komabe tiyese. Inachulukadi. Atate anaunyamula utawo ndi mitsempha yonse ya m'khosi, anakoka, mphuno inaweramira pansi ngati ng'ombe yakumwa madzi, ndipo muvi unazika m'dothi pafupi ndi chala chawo chachikulu. Kenako amalume anati mkamwini uja wayamba bwino, walasa dziko la Zambia, chatsala ndi nguluwe yokha. Anthu anaseka mpaka ena kugwira pansi. A Tembo anakulunganso simbi yawo mwakachetechete.

Kenako panabwera botolo lodzaza mchenga, limene linasweka tsiku lomwelo, ife n'kutha sabata tikuzula magalasi kumapazi. Panabwera mwala wa kumtsinje umene sunkalola kumangidwa. Panabwera chitsulo cha pulawo. Aliyense m'mudzi anali ndi maganizo ake, ndipo ena ankabwera m'mawa ndi zinthu zimene ndikuganiza kuti ankangofuna kuzitaya. Atate ankalandira chilichonse ndi manja awiri. Ankachiyesa padzanja, kuchigogoda, kuchiyang'ana mozungulira monga ankayang'anira mbande, n'kuchimanga mosamala. Zala zawo zinkanunkha mphira ngakhale pa chakudya. Pomanga, manjawo sankanjenjemera ngakhale pang'ono. Ankayamba pamene amalume akhosomola pampando wawo n'kunena kuti, "Tsekerani nkhuku, a Mbewe akukoka."

Imene inatsala pang'ono kutheka inali belu la ng'ombe. Linali lolemera mokwanira, ndipo atate anatseka m'kati mwake ndi sanza kuti lisalire. Kuchulu muvi unayamba kudutsa pafupi ndi tsinde la nthochi, mwina n'kukhudza khungwa. Atate analimba mtima. Anatenga mivi yawo yeniyeni, yopaka ululu wa kombe umene ankausunga m'chiguduli pamwamba pomwe ife sitinkafika, n'kukagona pansanja imene anamanga pakati pa munda.

M'bandakucha mudzi wonse unadzidzimuka ndi belu la ng'ombe likulira kumunda. Sanza zija zinali zitagwa. Nyengo ya chimanga, belu la ng'ombe kumunda limatanthauza chinthu chimodzi, kuti ng'ombe zalowa m'chimanga, choncho aliyense anatuluka ndi ndodo, amayi ndi zitenje zomangira m'chifuwa, ife ana pambuyo tikuterereka m'matope. Tinapeza atate ali chilili pansanja, uta m'manja, belu likugwedezekabe. Anafotokoza kuti nguluwe inafika pafupi ndithu. Atakoka nsinga belu linalira, nguluweyo inatukula mutu, inawayang'ana, inamaliza chimanga chimene inali nacho kukamwa, n'kubwerera kuthengo osathamanga. Amalume anafika pomalizira atavala jekete pamwamba pa kabudula. Anayang'ana munda, anayang'ana atate, n'kunena kuti tsopano nguluwe ikuitanidwa ku chakudya ndi belu ngati ansembe. Kenako anathyola chimanga chimodzi, n'kukanda njere ndi chikhadabo kuti aone ngati zayamba kuuma. Ichi sanachiseke, ndipo palibe wina anaseka.

Njere zinali zitayamba kulimba. Gawo lalikulu la munda cha kuphiri linali litagona pansi, ndipo nsawa za m'mphepete zinali zitatha. Masiku amenewo ndinkadzuka m'mawa n'kuyamba ndayang'ana kukhoma ngati chipewa cha atate chilipo. Amayi, aNabanda, sankanena zambiri. Anali munthu wogwira ntchito atatseka pakamwa, ndipo kuchulu sanapiteko ngakhale tsiku limodzi. Madzulo ena ndinawamva akufunsa atate ngati dzanja limachita chimodzimodzi akakhala okha. Atate anati akakhala okha limakhalako bwino, koma vuto ndi uta. Amayi anati inde, vuto ndi uta, n'kupitiriza kusenda maungu.

Patapita masiku angapo amayi ankasinja ndi anzawo pamtondo, pafupi ndi nyumba ya amalume. Ine anandiika pa mphasa kuti ndiziingitsa nkhuku pa mphale. Amalume anali pakhonde, njinga ataigoneka chagada, akupukuta masipoko limodzilimodzi. Mayi wina anafunsa kuti kodi a Mbewe atsala ndi chiyani choti amange pa uta, popeza za m'mudzi zatha. Amayi anayankha osasiya kusinja, mawu awo akugwera pakati pa kugunda kwa minsi.

"Aphunzitsi akuti chikhale chachitali, chosalemera kwambiri. Ena akuti pampu ya achimwene. Ine ndakana. Kapampu kaja n'kongokongoletsera njinga, kangapindike tsiku lomwelo."

Kansalu kanaima pa sipoko.

"Wati chiyani, Nabanda?"

"Palibe, achimwene. Ndimati zinthu za masiku ano n'zosalimba."

Amalume anaimirira. Anati pampu imeneyo inachokera ku Ingalande pa sitima ya pamadzi. Anati inapopa njinga kuchokera ku Chipangali mpaka ku Boma nthawi ya msonkhano waukulu, inapopanso njinga za anthu ena amene mapampu awo anafa panjira. Anati akazi asamayankhule za zitsulo. Amayi anavomera kuti za zitsulo sazidziwa, koma anawonjeza kuti simbi ya a Tembo ija ndiye inali chitsulo chenicheni. Ine pa mphasa paja ndinawamvera chisoni amalume, ndipo ndinadabwa kuti amayi angachite mwano wotere. Amalume anasolola pampu panjinga, anadutsa pabwalo ndi mapazi aafupi ofulumira, n'kukaiponya pamiyendo pa atate, amene ankasoka thumba pakhonde.

"Mangani apa. Tione ngati ipindike."

Madzulo amenewo kuchulu kunadzaza kuposa kale. Pampu inali itamangidwa ndi malegeni atsopano, ikunyezimira kutsogolo kwa uta wakuda uja ngati dzino lagolide. Atate anakoka, dzanja linanjenjemera monga mwa masiku onse, muvi unadutsa kutali kumanja. Mnyamata wina anayamba kuseka. Amalume anatembenuka n'kumuyang'ana mpaka kuseka kunamuthera pakhosi.

"Mphepo," anatero amalume.

Kunalibe mphepo. Utsi wa m'makhitchini unkakwera choongoka. Muvi wachiwiri unapita pamwamba, ndipo amalume anautumiza kuti ukatengedwe, anauyang'ana ndi diso limodzi, n'kulengeza kuti ndi wokhota. Wachitatu utaphonya anati anthu achuluka, akutchinga kuwala. Anathamangitsa ana onse kupatula ine, anauza amayi a mitsuko kuti madzi akudikiridwa kunyumba, ndipo madoda anawakumbutsa kuti njira ya kudimba sidzera kuchulu. Mpando wawo anauchotsa pambali n'kuuika kumbuyo kwa atate, ati kuti aziona bwino mmene pampu ikugwirira ntchito.

A Tembo, amene anatsala chifukwa mphunzitsi sathamangitsidwa, ananena mofatsa kuti kutalika kuli bwino, koma kunsonga kukadalemerako pang'ono. Amalume anamva ngati akuti pampu yawo ndi yopepuka. Anandituma kumtsinje ndi chipewa cha atate kuti ndikatape mchenga wouma. Anamasula pampu ndi manja awo, anathira mchengawo m'kati mpaka pakati, anatsendera ndi kansanza, n'kutsekanso. Atate anayesa kuletsa, amvekere iwonongeka. Amalume anati pampu ya ku Ingalande siwonongeka ndi mchenga wa ku Chipangali.

Atate anaimanso. Kunali zii, kupatula njiwa kuthengo ndi minsi ya kutali. Anakweza uta, ndipo kumbuyo kwawo kunamveka mawu otsika amene sindinawazolowere.

"Musafulumire, alamu. Pumani kaye. Ilekeni pampuyo ikhazikike."

Ndinaona phewa la atate likutsika. Nsonga ya muvi inayenda pang'ono, inabwerera, inaima. Kenako kunamveka phokoso lonyowa, lija limamveka mpeni ukalowa m'dzungu, ndipo muvi unali chilili pakati pa tsinde la nthochi, madzi akutsika m'munsi mwake. Amalume anayang'ana a Tembo, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati pali wina amene akufuna kunenanso za simbi.

Kuyambira tsiku limenelo kuchulu tinkapita anthu atatu okha, atate, amalume ndi ine. Atate ankalasa kawirikawiri, ndipo akaphonya amalume anali ndi chifukwa chokonzeratu. Vuto linagwera njinga. Tayala lakumbuyo linaphwa, chopopera panalibe, ndipo kubwereka pampu kumudzi wina kukanakhala kuvomera zinthu zimene amalume sankafuna kuvomera. Choncho ankapita kumisonkhano akuikankha, kambendera kakupepeluka, tayala likulira pansi ngati chule. Wowafunsa ankamuyankha kuti m'dziko laufulu mtsogoleri ayenera kuyenda pansi pamodzi ndi anthu ake. ANaphiri, amene anayenda pansi zaka zonsezo, anati mawuwo ndi abwino, angochedwa kufika.

Tsiku lokagona pansanja amalume anati apita nawo, chifukwa katundu wa mtengo wapatali sasiyidwa yekha kuthengo. Zimene zinachitika kumeneko sindinazione. Ndili ndi nkhani ziwiri. Ya atate inali yakuti kutayamba kuyera nguluwe inabwera, iwo anaponya. Ya amalume inkatenga nthawi yokwanira kukazinga nsawa ndi kuzidya, ndipo chaka chilichonse nguluweyo inkakula. Mmenemo munali mano otalika ngati zikwakwa, munali mmene iwo anainunkhizira isanafike, ndi mmene ananong'onezera alamu awo nthawi yeniyeni yoponya. Atate sanatsutsepo chilichonse. Kamodzi kokha anandiuza, ndili wamkulu kale, kuti chovuta kwambiri m'mawa umenewo chinali kuwagwedeza amalume ndi phazi kuti aleke mkonono.

Chimene ndinaona ndi ichi. Dzuwa litangotuluka tinamva amalume akuitana mudzi ndi mawu awo onse. Tinathamangira kumunda, n'kutsata madontho a magazi pa masamba a nsawa, kudutsa m'tchire lonyowa, mpaka kukhwawa. Nguluwe inali itagona chammbali m'matope, muvi uli kuseri kwa mwendo wakutsogolo. Inali yofiirira, ya ubweya wautali pamsana, ndipo inali yaying'ono kuposa mmene ndinkaiganizira. Inkanunkha chimodzimodzi ngati munda wathu m'mawa. Atate anadula n'kutaya mnofu wozungulira bala chifukwa cha ululu, ndipo anyamata anaimanga miyendo pamtengo n'kuinyamula.

Pogawa nyama ndi pamene panabuka mlandu. Mwambo wa alenje kwathu unali wakuti mwini chida chimene chapha amalandira mwendo wathako, ngakhale woponyayo akhale wina. Mkulu wina amene ankagawa anati apa palibe chovuta, uta ndi wa a Mbewe, muvi ndi wa a Mbewe. Amalume anafunsa ngati mkuluyo maso ake ali bwino. Panayamba mtsutso wakuti kodi pampu ndi chida kapena ayi. Ena anati chida ndi chimene chimalowa m'nyama. Ena anati ndiye uta si chida, popeza nawonso umatsala m'manja. Wina anati ngati ndi choncho mwini chubu chimene anadulako malegeni alandirenso kanthu, ndipo mwini mchenga ndi mtsinje. A Tembo anafunsidwa, nakana kuweruza nkhani ya mpingo wina. Nyama inali pamasamba, ntchentche zikusonkhana, agalu atakhala mozungulira ngati aphungu.

Atate ndi amene anathetsa. Anatenga mpeni, anadula mwendo wathako, n'kuupereka kwa amalume ndi manja awiri atagwada pang'ono. Anati khasu linalephera, simbi inalephera, belu linalephera, ndipo aliyense anaona chimene chinatheka. Amalume analandira mwendowo, n'kuukweza kuti onse auone.

"Mwamva nokha. Ine ndi alamu angawa nguluwe sitiiopa. Chaka chamawa tilima mpaka kuphiri, tione imene idzabwere."

Ndinamva mawu akuti chaka chamawa, ndipo ndinayang'ana amayi. Iwo ankatsuka chiwindi m'beseni. Sanatukule mutu. Anangondiuza kuti ndikatenge mchere.

Madzulo ake atate anamasula pampu, anakhuthula mchenga, anaitsuka, anapaka mafuta a nguluwe pa kachikopa ka m'kati, n'kupita nayo kwa amalume. Ndinawatsatira. Inali itakalikakalika, ndipo poiyesa inkangopuma ngati nkhalamba yokwera phiri. Amalume anaitembenuza kawiri m'manja. Ndinkayembekeza mawu aakulu. M'malo mwake anaibweza, amvekere ikhale pa uta pomwepo, nguluwe zili ndi abale. Njingayo anadzaigulira pampu ina ku Boma atagulitsa thonje, ndipo ankanena poyera kuti yatsopanoyo siingafanane ndi yoyamba.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti mphamvu inali mu pampu. Ndinkauza anzanga kusukulu kuti chitsulo cha ku Ingalande chimaongola muvi, ndipo ndinamenyanapo ndi mnyamata wina amene anakana. Nditafika ku sekondale ndinaphunzira kuti a Tembo ankanena zoona, ndodo yaitali yolemera kunsonga imachepetsadi kugwedezeka, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Ndinali ndi ana anga kale pamene ndinakumbukira kuti masiku onse aja ndinali kuchulu, ndinamva maganizo a munthu aliyense, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchulapo pampu amayi asanaitchule pamtondo. Atate anatha nyengo yonse akuyesa zitsulo padzanja kuti adziwe kulemera kwake. Amayi sanagwirepo ngakhale chimodzi. Iwo anangoyang'ana kuti chitsulocho ndi cha yani, ndi kumene mwini wake adzaike mpando. Sindinawafunse. Akanandiyankha kuti za zitsulo sazidziwa.

M'mawa wotsatira tsiku la nyama lija ndinadzutsidwa ndi kulira kwa khasu kuseri kwa nyumba. Atate anali atakumba dzenje lofika m'maondo, n'kuthiramo manyowa a m'khola la mbuzi za amalume. Anang'amba chitini cha palafini m'mbali ndi chikwanje, anatulutsa kamtengo ka lalanje pamodzi ndi dothi lake, mizu itapotana m'munsi chifukwa chokhalitsa, n'kukaika pansi. Anakwirira, anapondaponda ndi chidendene, n'kundituma madzi. Ine ndinakondwa chifukwa chitinicho anandipatsa, ndipo ndinapangira galimoto. Sindinadziwe kuti mkamwini sabzala mtengo pamudzi pamene sakudziwa ngati adzadya zipatso zake. Nditabwera ndi madzi ndinawapeza akuzika timitengo mozungulira kuti mbuzi zisadye, akuyesa kamodzikamodzi ngati kalimba.